Mzere Womaliza: Mbiri ya Funso Limene Linasautsa Makompyuta

Amene anapitapo ndi mwana kusikelo amadziwa mmene mlangizi wa zaumoyo amagwirira kabuku. Mayi akakapereka, iye sayambira kutsamba loyamba kumene kuli tsiku lobadwa ndi katemera. Chala chimatsetsereka mpaka pamene inki yalekezera, n'kuona kuti mwezi wathawu mwanayu analemera makilogalamu angati. Akatero m'pamene amamulowetsa m'kakabudula kaja n'kumupachika pasikelo, mwana ali mfuu, amayi enawo ali phwete. Kubwere ana 30, kubwere 100, ntchito ndi imodzimodzi: kabuku kalikonse, mzere womaliza. Palibe anakhalirapo pansi kumuphunzitsa zimenezi, chifukwa pepala lokha limamulondolera. Chimene chinalembedwa pambuyo chili m'munsi.

Funso lomweli likapita ku database, kuti "ndipatse mzere waposachedwa wa mwana aliyense", linasanduka munga kwa zaka zoposa 30, ndipo m'makina ena linatha pafupifupi zaka 50 lisanapeze yankho lolongosoka. Sikuti akatswiriwo anali ogona. Anachita kusankha okha, maso ali gwa, kuchotsa "m'munsi" ndi "m'mwamba" m'zolembedwa, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Kuti zimveke bwino tiyambire kutali, kompyuta isanalotedwe n'komwe.

Mu 1494 ku Venice kunasindikizidwa buku la masamu la Luca Pacioli, m'bale wa chipani cha Fransisko Woyera. M'katikati mwake anafotokozamo mmene amalonda a mumzindawo ankasungira mabuku awo. Sanayambitse ndiye luso limeneli, anangolemba zimene anazipeza zikuchitika. Pa mabuku amene anatchula, awiri ndiwo akutikhudza. Loyamba ndi la tsiku ndi tsiku, momwe chilichonse chimalowa motsatana ndi nthawi: uyu wagula nsalu, uyu wabweza ngongole, uyu watenga tsabola. Lachiwiri ndi leja, momwe munthu aliyense kapena katundu aliyense ali ndi tsamba lake. Kalaliki ankakopera zam'buku loyamba n'kuzimwaza m'masamba a leja. Ntchito yotopetsa, koma phindu lake linkaoneka tsiku limene bwana wafunsa kuti uje anabwera liti komaliza. Umangotsegula tsamba la uje n'kuyang'ana pansi. Mwini golosale amene amalemba ngongole m'kope, kasitomala aliyense tsamba lake, akuchita zomwezo ngakhale dzina la Pacioli sanalimvepo. Thukuta la kugawa m'magulu ndi kundandalika limakhetsedwa polemba, kuti powerenga pasakhale vuto.

Makina oyamba sanasinthe nzeru imeneyi, anangoipatsa liwiro. Kalembera wa anthu wa 1880 ku America anatenga zaka pafupifupi 8 kuti awonkhetsedwe, ndipo akuluakulu anaona kuti wa 1890 akhoza kudzakumana ndi wotsatira asanathe. Herman Hollerith anabwera ndi makhadi obowola: munthu mmodzi khadi limodzi, yankho lililonse kabowo pamalo pake, makina amagetsi n'kumawerenga mabowowo. Anthu oposa 62 miliyoni anawerengedwa motero. Kampani imene iye anayambitsa mu 1896 inaphatikizana ndi zina mu 1911, ndipo mu 1924 inatenga dzina loti IBM. Khadi la makolamu 80, lomwe linalamulira maofesi kwa zaka makumi angapo, linatuluka mu 1928.

M'chipinda cha makhadi funso lathuli linkayankhidwa ndi manja ndi makutu. Panali makina osankhula okhala ndi matumba 13, amene ankayang'ana kolamu imodzi yokha paulendo umodzi. Ukafuna makhadi andandalikidwe potsata nambala ya kasitomala, ndipo m'kati mwa kasitomala aliyense potsata tsiku, unkayambira chakumapeto: kusankhula kaye ndi manambala a tsiku, kusonkhanitsa mulu mosamala osausokoneza, kenako kusankhula ndi nambala ya kasitomala, kolamu ndi kolamu. Mulu ukagwa pansi, tsiku lonse lapita. Ukatha apo unkauthira m'makina owonkhetsa, omwe ankawerenga khadi lililonse pamalo awiri kuti afanizire nambala ya khadi lino ndi ya lotsatira. Nambala ikasintha ndiye kuti gulu latha, makina n'kuima pang'ono kusindikiza zotsatira. Khadi limene lili m'manja panthawi imeneyo ndilo lomaliza la gululo. Matepi a maginito atabwera m'zaka za m'ma 1950, ndi zilankhulo za COBOL ndi RPG chakumapeto kwa zaka zomwezo, anthu anangosamutsira mwambo womwewu m'mapulogalamu: ndandalika, werenga mzere umodziumodzi, sunga wam'mbuyo, nambala ikasintha tulutsa umene wasungawo. Mabanki ambiri sankavutika n'komwe kufunsa. Usiku uliwonse ankatenga tepi yakale ya maakaunti ndi tepi ya zochitika za tsikulo, n'kulemba tepi yatsopano yokhala ndi mzere umodzi pa akaunti iliyonse. Zaposachedwa zinkakhala pamwamba nthawi zonse, mbiri n'kumakagona m'shelefu.

Disiki inabwera mu 1956 ndi makina a IBM otchedwa RAMAC: mbale 50 zozungulira, zosunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, zomwe lero sizingakwane n'chithunzi chimodzi chabwino cha pafoni. Chachilendo chinali choti tsopano ukanatha kudumphira pamalo alionse osadutsa tepi yonse. Charles Bachman wa ku General Electric anamanga pamenepa dongosolo lotchedwa IDS kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo IBM inatulutsa IMS mu 1968, imene inayambira pa ntchito yolondoloza zipangizo za chombo cha Apollo. M'madongosolo amenewa mizere inkalumikizidwa ngati mikanda pa ulusi: kasitomala ndiye mfundo, zogula zake n'kumatsatana pambuyo pake. M'chilankhulo cha komiti ya CODASYL, chomwe chinatengera nzeru za Bachman, munali lamulo loti FIND LAST. Mawu awiri okha, wafika pa mkanda womaliza. Bachman atalandira mphoto ya Turing mu 1973 anayerekeza wolemba mapulogalamu ndi woyendetsa chombo amene amadziwa njira za panyanja.

Vuto linali loti njirazo zinkakumbidwa tsiku lomanga database. Ngati mikanda inatungidwa potsata kasitomala, ndiye mawa bwana n'kufunsa kuti katundu aliyense anagulidwa liti komaliza, unalibe ulusi wotsata. Ukatunganso mwatsopano, mapulogalamu onse amene ankadalira katungidwe kakale ankathyoka. Makampani ankalipira anthu ambirimbiri ongokhalira kukonza zimene zathyoka.

Munthu amene zinamunyansa kwambiri anali Edgar Codd, Mngelezi wobadwa mu 1923, amene anaphunzira masamu ku Oxford, anaulutsapo ndege zankhondo, kenako n'kukagwira ntchito ku IBM. Mu June 1970, ali ku San Jose ku California, anatulutsa nkhani ya masamba 11 m'magazini ya Communications of the ACM. Anati zonse zisungidwe m'matebulo wamba, ndipo wofunsa azinena chimene akufuna, osati njira yokachitengera. Anatchula mitundu itatu ya ukapolo imene mapulogalamu a nthawiyo analimo, ndipo woyamba pamndandanda unali kudalira ndondomeko imene mizere yagonera. Choncho m'malamulo a tebulo lake anaikamo lakuti kutsatana kwa mizere kulibe tanthauzo. Tebulo la Codd si tsamba la kope. Lili ngati dengu la nyemba: mulibe nyemba yoyamba, mulibe yomaliza. Ukafuna kuti nthawi idziwike, ilembe m'kolamu yake ngati chinthu china chilichonse.

Ine ndimaona kuti Codd analondola, ndipo zaka zimene zapitazi zamuikira umboni. Chifukwa cha lamulo limeneli, makina ali ndi ufulu wosuntha mizere, kuigawa m'madisiki ambiri, kuiwerenga chobwerera, popanda pulogalamu ya munthu kuthyoka. Koma walira mvula walira matope. Tsiku limene mizere inaleka kutsatana, chala cha mlangizi uja chinasowa potsetserekera.

Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anyamata a ku IBM komweko, anakopeka ndi maganizo a Codd koma anaona kuti masamu ake angathawitse anthu wamba. Mu 1974 anatulutsa chilankhulo chooneka ngati Chingerezi chimene anachitcha SEQUEL. Boyce anamwalira mwadzidzidzi chaka chomwecho asanakwanitse zaka 30, osaona kumene ntchito yake idzafike. Dzina linafupikitsidwa kukhala SQL chifukwa loyambalo linali kale chizindikiro cha malonda cha kampani ina ya ndege ku Britain. Pofika 1976 chilankhulochi chinali ndi zida ziwiri zimene aliyense angaganize kuti zikukwanira pa funso lathu: GROUP BY yogawa mizere m'magulu, ndi MAX yotola chachikulu m'gulu lililonse.

Tiyerekeze tebulo lotchedwa sikelo, la makolamu atatu: mwana, tsiku, kulemera. Mwana nambala 17 anayezedwa mu Januwale n'kupezeka 9.4, mu Febuluwale 9.6, ndipo mu Malichi, atadwala m'mimba, 8.7. Ukalemba kuti

SELECT mwana, MAX(tsiku) FROM sikelo GROUP BY mwana

makina akuyankha bwinobwino kuti mwana 17 anabwera komaliza mu Malichi. Koma iwe sukufuna tsiku lokha, ukufuna kulemera kwa tsikulo. Ukawonjezera kolamu ya kulemera pamndandanda, database yosunga mwambo imakana. Ndipo ili ndi mfundo: wauza makina kuti aphwanye mizere itatu ikhale umodzi, tsono pa 9.4, 9.6 ndi 8.7 atenge iti? MAX satola mzere, amatola nambala m'kolamu imodzi n'kuiwala kumene waitenga. Wophunzira wotopa amaganiza zoika MAX pa kulemeranso kuti makina asiye kudandaula. Amasiyadi. Amatulutsa mwana 17, Malichi, 9.6, mzere umene sunalembedwepo ndi munthu aliyense. Mwana amene wataya pafupifupi kilogalamu yathunthu mwezi umodzi akuoneka wonenepa papepala, ndipo palibe belu limene lalira.

Apa m'pamene panabadwira njira zozungulira zimene mibadwo ya olemba SQL yakhala ikupatsirana ngati mankhwala azitsamba. Yodziwika kwambiri ndi ya maulendo awiri: peza kaye tsiku lalikulu la mwana aliyense, kenako bwerera kutebulo lomwelo ukatole mzere umene mwana ndi tsiku zikugwirizana ndi zimene wapezazo. Ina ndi ya funso m'kati mwa funso: pa mzere uliwonse, funsa ngati tsiku lake likufanana ndi tsiku lalikulu la mwana yemweyo. Imawerengeka bwino, koma makina oyambirira ankaitenga monga yalembedwera, kubwereza funso lam'katilo pa mzere uliwonse, moti tebulo likakula unkatha kukaphika tiyi n'kubwerako lisanathe. Mu 1982 Won Kim anasonyeza mmene makina angasandutsire okha mafunso oterewa kukhala kulumikiza matebulo, ngakhale patapita zaka zochepa ena anapeza kuti njira yake ina inkalakwitsa powerenga magulu opanda kanthu.

Njira yachitatu ndiyo imandisangalatsa, chifukwa imatsata maganizo enieni a Codd. Imatanthauzira "womaliza" popanda kutchula kutsatana: mzere womaliza ndi umene ulibe mnzake wobwera pambuyo pake. Umatenga tebulo n'kuliika pambali pa ilo lomwe, mzere uliwonse n'kuufunira mnzake wa mwana yemweyo wokhala ndi tsiku lalikulu kuposa lake. Wa Januwale ukupeza awiri, wa Febuluwale ukupeza mmodzi, wa Malichi ukusowa. Wosowayo ndiye yankho. Nzeru yake ndi yokoma, mtengo wake ndi wowawa. Mwana amene wabwera mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu ali ndi mizere 60, ndipo kuiphatikiza iwiriiwiri motere kumabala mapeya 1,770, onse ongotayidwa kuti patsale mzere umodzi.

Pali kanthu kena kamene anthu amaiwala. Muyezo woyamba wa SQL, umene bungwe la ANSI linavomereza mu 1986, unalibe n'komwe mtundu wa kolamu wosungira tsiku. DATE ndi TIMESTAMP zinalowa mu muyezo wa 1992, limodzi ndi LEFT JOIN imene njira yachitatu ija imakonda kugwiritsa ntchito. Makampani ena anali ndi njira zawozawo, koma m'mafayilo ochuluka tsiku linkasungidwa ngati manambala asanu ndi imodzi, chaka chili ndi manambala awiri okha. Kwa makina, 99 ndi wamkulu kuposa 00. Mbali ina ya chipwirikiti cha chaka cha 2000 inali imeneyi: kuti Januwale akangofika, mzere wa Disembala 1999 ukhalabe "waposachedwa" mpaka kalekale.

Kenako kunabwera MySQL, yochokera ku Sweden mu 1995, yaulere, yopepuka, imene inanyamula mawebusayiti osawerengeka intaneti itayamba kufala. Mpaka mtundu wa 4.1, cha m'ma 2004, inalibe funso m'kati mwa funso, choncho anthu ake anatulukira zawo. Buku lake la malangizo linkaphunzitsa ngakhale kachinyengo komata: lumikiza chimene ukufuna chachikulu chake ndi chinzakecho zikhale mawu amodzi, tenga MAX wa mawuwo, kenako dula kumchira utenge chimene umafuna. Koma chimene chinazika mizu ndi ulemu wake wopitirira. Funso lija limene ma database ena ankakana, MySQL inkalilandira ndi manja awiri n'kutola kulemera kulikonse kumene yakumana nako m'gululo. Buku linkachenjeza kuti chotuluka sichodalirika, koma ndani amawerenga chenjezo pamene yankho likuoneka labwino? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Poyesa ndi mizere khumi zinkatheka kugwirizana mwangozi, ndipo pulogalamu inkapita kukagwira ntchito.

Ochenjera anapitiriza. Anazindikira kuti kawirikawiri MySQL imatola mzere woyamba kukumana nawo, ndiye ankandandalika kaye tebulo m'funso lam'kati kuyambira tsiku latsopano, kenako n'kugawa m'magulu kunja. Zinayenda kwa zaka. Mtundu wa 5.7 utatuluka mu 2015, zinthu ziwiri zinachitika. Lamulo lokana mafunso osamveka lotchedwa ONLY_FULL_GROUP_BY linayamba kubwera loyatsiratu, ndipo mapulogalamu ambiri akale anayamba kulira poyera. Kumeneko kunali kuchita mwayi. Tsoka linagwera amene anathamangira kuzimitsa lamulolo, chifukwa makina anali ataphunziranso kunyalanyaza kundandalika kwa m'funso lam'kati, poti malinga ndi Codd tebulo lilibe ndondomeko. Funso lomwe lija, osasintha ngakhale chilembo, linayamba kutulutsa mizere ina mwakachetechete.

Ena anasankha kupatsa anthu chimene akufuna moonekera. PostgreSQL, mdzukulu wa ntchito ya Michael Stonebraker ku Berkeley, pofika 2000 inali kale ndi DISTINCT ON: ndandalika mmene ukufunira, ndipo pa gulu lililonse ndikupatsa mzere woyamba wokha. Si za muyezo, ukasamukira kwina sizigwira, koma ndi zachidule ndipo zimachita zimene zanena. SQLite ya Richard Hipp, kadatabase kamene kali m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone, mu 2012 inalonjeza poyera kuti funso likakhala ndi MAX mmodzi, makolamu enawo adzachokera mumzere womwewo umene muli chachikulucho. Kunena kwina, inatenga cholakwa chimene ophunzira onse amachita n'kuchidalitsa.

Yankho la onse linachokera kumene kunali ndalama. M'zaka za m'ma 1990 makampani akuluakulu anaunjika mbiri ya malonda awo m'nkhokwe zikuluzikulu ndipo ankafuna kudziwa zinthu monga ogulitsa atatu otsogola m'chigawo chilichonse, kapena kusiyana kwa mwezi uno ndi watha. Mafunso onsewa amafuna kutsatana. Mu 1999 akatswiri a Oracle ndi IBM, opikisana pamsika, anapereka ganizo limodzi kukomiti ya muyezo. Oracle 8i inali nazo kale zida zimenezi pofika 2000, ndipo zinakhazikika mu muyezo wa SQL:2003 pansi pa dzina la window functions. Pa funso lathu umauza makina zinthu zitatu. PARTITION BY mwana, kutanthauza kuti aunjike mizere ya mwana aliyense payokha koma osaiphwanya. ORDER BY tsiku DESC, kuti mulu uliwonse uyambire tsiku latsopano. ROW_NUMBER, kuti mzere uliwonse upatsidwe nambala kuyambira 1 m'mulu mwakemo. Ukatero umangosunga mizere ya nambala 1. Mwana 17, Malichi, 8.7.

Woyang'anitsitsa aona kuti uku n'kubwerera m'chipinda cha makhadi: sankhula potsata gulu, sankhula potsata tsiku, nambala ikasintha yambiranso kuwerenga. Kusiyana kwake n'kwakuti kutsatanako sikukhala m'tebulo. Wofunsa amakutchula yekha, kumakhalapo nthawi ya funso lokhalo, kenako nyemba zimabwerera m'dengu. Codd, amene anamwalira mu 2003 momwemo, sanagonje kwenikweni. Koma onani kuchedwa kwake kufika kwa anthu. SQL Server inalandira ROW_NUMBER mu 2005, PostgreSQL mu 2009 ndi mtundu wa 8.4, MariaDB mu 2017, ndipo MySQL ndi SQLite, zomwe zili m'manja mwa anthu ochuluka kuposa zina zonse, zinadikira mpaka 2018. Kuchokera pa nkhani ya Codd ndi zaka 48. Ngakhale pamenepo kachilema kanatsala: nambala ija sungaisefe mu WHERE (gawo losefera mizere) wa funso lomwelo, chifukwa WHERE amagwira ntchito manambala asanagawidwe, ndiye umayenera kukulunga funso lonse m'linzake. Teradata inatulukira mawu oti QUALIFY othetsa zimenezi, ndipo Snowflake, BigQuery ndi DuckDB anatengera.

Kulemba funso mwaudongo ndi nkhani ina, kuliyankha msanga ndi inanso. ROW_NUMBER amapatsa nambala mizere yonse, ngakhale 59 mwa 60 ikatayidwa. Ngati ana ndi ochepa koma mbiri ya aliyense ndi yaitali, njira yachangu ndi ya mlangizi uja: tenga mndandanda wa ana, pa aliyense pita molunjika kumapeto kwa mbiri yake, tola mzere umodzi. SQL Server imatcha zimenezi CROSS APPLY kuyambira 2005, PostgreSQL inabweretsa LATERAL mu 2013. Kuti ziyende pamafunika index pa mwana ndi tsiku, yomangidwa pa nzeru ya B-tree imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anatulukira ku Boeing cha m'ma 1970. Index yotereyi ndi chiyani? Ndi mndandanda wapambali umene makina amausamalira pa kulemba kulikonse, momwe zonse za mwana mmodzi zagona pamodzi motsata masiku. Ndi leja ya ku Venice ija, kungoti kalaliki wake satopa ndipo sapempha malipiro. Ena safuna n'komwe kufufuza: amasunga tebulo lachiwiri la mzere umodzi pa gulu lililonse n'kumalikonza nthawi iliyonse pakalowa chatsopano, monga ankachitira mabanki ndi matepi awo. Mukatsegula mauthenga pafoni n'kuona dzina lililonse lili ndi uthenga wake womaliza pansi pake, mukuyang'ana yankho la funso lomweli.

Chimene makina sanathe kutithandiza ndi tanthauzo la mawu oti "waposachedwa". Mwana akayezedwa kawiri tsiku limodzi, njira ya maulendo awiri imatulutsa mizere iwiri, ndipo chiwerengero cha ana m'lipoti chimakwera popanda wobadwa. ROW_NUMBER amatola umodzi, koma ukapanda kumuuza chodulira mlandu amatola uliwonse, lero uwu mawa winawo. Mzere umene kalaliki anaiwala kulembapo tsiku ndi nkhani inanso: mu PostgreSQL ndi Oracle, ukandandalika kuyambira chachikulu, mzere wopanda tsiku umakhala patsogolo pa onse n'kuvala chisoti cha waposachedwa, pamene mu MySQL ndi SQL Server umapita kumchira. Ndipo pali masiku awiri amene amasokonezedwa kawirikawiri: tsiku limene chinthu chinachitika, ndi tsiku limene chinalowa m'kompyuta. Richard Snodgrass ndi Ilsoo Ahn anasiyanitsa nthawi ziwirizi momveka bwino mu 1985, koma muyezo wa SQL unadzazilandira mu 2011.

Kwathu kuno nkhani imeneyi si yachilendo. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, wodwala aliyense anapatsidwa khadi lake, ulendo uliwonse mzere wake, ndipo miyezi itatu iliyonse chipatala chimayenera kunena kuti mwa onse amene analembetsa ndi angati akumwabe mankhwala, angati anamwalira, angati anasamukira kwina, angati anasowa. Lipoti lonselo ndi funso la mzere womaliza wa munthu aliyense, pofika tsiku lotseka kotala. A Baobab Health, amene anayamba kuika makompyuta ogwiritsa ntchito chala pagalasi ku Kamuzu Central Hospital kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamanga dongosolo lawo pa MySQL. OpenMRS, imene inayambira ku Eldoret m'dziko la Kenya mu 2004 ndipo imagwiritsidwa ntchito ku Neno, imasunga chopimidwa chilichonse ngati mzere wakewake m'tebulo limodzi lalikulu lotchedwa obs, lokhala ndi tsiku lopima, tsiku lolowetsa, ndi chizindikiro cha mizere yofafanizidwa. Amene analembapo malipoti pa matebulo otere chaka cha 2018 chisanafike amazidziwa pamtima njira zozungulira zija.

Ine zinandigwera pa kachipatala kena kamene sinditchula. Ndinalemba funso lotola kulemera komaliza kwa mwana aliyense, ndipo pofuna kuthawa vuto la masiku ofanana ndinadalira nambala imene makina amapatsa mzere uliwonse polowa: yaikulu ndiyo yatsopano, basi. Zinayenda miyezi ingapo. Kenako magetsi anavuta kwa milungu, anthu n'kubwerera kumapepala, ndipo atayaka kalaliki analowetsa mulu wonse kuyambira pamwamba. Pamwamba panali mapepala atsopano, pansi akale. Akalewo ndiwo analowa pomaliza n'kutenga manambala akuluakulu.

Anandiitana ndi amayi ena achikulire, namwino wa pamenepo, lipoti lili m'manja. "Achimwene, mwana uyu ndamuyeza ndekha Lachiwiri lapitali, ndipo ndamulembera chiponde. Makina anuwa akunena za mwezi uti?"

Ndinakonza usiku womwewo kuti funso lizitsata tsiku lopima, nambala ija izingodula mlandu masiku akafanana. M'mawa ndinapita ndi lipoti latsopano ndikudzimva. Anaona mayina onse mmodzimmodzi, akugwedeza mutu, mpaka anaima pa mwana wina amene kulemera kwake sikunasunthe kwa miyezi isanu. Titafufuza tinapeza kuti pa ulendo wina chala cha kalaliki chinatembenuza manambala, 2013 n'kukhala 2031. Mzere umenewo ukanakhala womaliza kwa zaka 18, mwanayo mpaka kumera ndevu akulemerabe makilogalamu 7.2. Mayiwo sananene kanthu. Anatuma mlangizi kuti mayi wa mwanayo akadzabwera Lachisanu adzabwereke kabuku, ndipo ine anandiuza kuti ndidzakhalepo.